Mabatire a Kakompyuta ka Amayi

Kanali kotuwa, kolemera ngati sopo wochapira, ndipo kankakwana m'dzanja limodzi la amayi. Kutsogolo kunali galasi lobiriwira, m'mbali munali kabowo kosungiramo kandodo kolembera kopanda inki. Amayi ankakatchula kuti kakompyuta, malume ankati ndi mlembi wa m'thumba. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakaona ngati chidole chimene akuluakulu akundimana dala.

Tinakagula Loweruka lina mu Disembala, sukulu itangotseka. Nthawiyo tinali titakhala ku Perth zaka zitatu, atatu m'fulati imodzi: amayi, mchimwene wawo amene ndi malume anga, ndi ine. Amayi ankaphunzira za unamwino ku yunivesite, kwinaku akutsuka mbale m'lesitilanti ina ku Northbridge, moti masiku a shifiti ndi a kalasi ankawasokonekera. Malume ankanyamula makatoni ku Welshpool, koma pa nkhani ya makina ankalankhula ngati anawapanga ndi iwo.

Mu shopu anationetsa tiwiri. Kena kanali ka zithunzi zamitundu, kotchaja pamagetsi. Kenako ndi kotuwa kaja, koyendera timabatire tiwiri tating'ono. Ine maso anali pa kamitundu, koma malume anadula mlandu. "Achemwali, tengani ka mabatire. Kumudzi mukatchaja pa chiyani?" Amayi anali atagula kale tikiti yopita kwathu mu Febuluwale, ulendo wawo woyamba chibwerereni, choncho mawuwo anawagwira mtima.

Wogulitsa anachenjeza zinthu ziwiri m'Chingerezi chothamanga cha kuno. Posintha mabatire musachedwe kupitirira mphindi imodzi, apo ayi kamaiwala zonse. Ndiponso muzikalumikiza ndi chingwe ku kompyuta yaikulu kuti zolemba zizisungika pawiri. Amayi anagwedeza mutu mwaulemu, malume ankawerenga katoni. Amene anamva bwinobwino mawu onsewo ndinali ine, ndipo zimenezi sindinayambe ndaziulula kwa munthu mpaka nditakula. Kompyuta yaikulu kunyumba tinalibe, ndiye chingwecho chinangokhala m'katoni mwake.

Sabata yoyamba amayi anavutika kuphunzira kulemba. Kamakinako kanali ndi kalembedwe kakekake, chilembo chilichonse uchijambule kamodzi osanyamula kandodo, ndipo mayina akwathu ankatuluka opindika. Ankakhala patebulo atavala magalasi, lilime lili pakona pa mlomo ngati mwana wa sitandade wani. Atazolowera analowetsa mashifiti onse, ndipo kankalira kuti tii tii kuwakumbutsa nthawi ya sitima.

Kenako anatulutsa envulopu imene inkakhala m'Baibulo. Munali timapepala tosiyanasiyana, malisiti, makadi a foni otha ntchito, chilichonse cholembedwa kuseri. Zaka zimenezo kwathu anthu ankamwalira motsatizana. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amayi ankakanda khadi n'kuimbira mng'ono wawo ku Lilongwe, ndipo ine ndinkangomva mbali imodzi: "Iii, liti? Anadwala nthawi yaitali? Aika kuti?" Akatero ankalemba dzina pa chilichonse chimene chili pafupi. Kwathu munthu amene anali kutali maliro akuchitika, akabwera amayenda khomo ndi khomo kukapepesa, n'kukhala pansi, n'kutchula womwalirayo. Kudumpha khomo limodzi n'kutukwana banja lonse.

Masiku atatu amayi analowetsa mayinawo mmodzimmodzi: womwalira, mudzi wake, amene anatsala, ndi khomo loyambira. Atamaliza malume anasonkhanitsa timapepala tija n'kutiponya m'bini. "Zamakedzana izi," anatero, akusasa m'manja. Sindiwaimba mlandu, ngakhale nthawi zina ndimafuna nditatero.

Januwale wa chaka chimenecho anatentha koopsa. Mphepo inkachokera kuchipululu ngati mpweya wa mu uvuni, phula la pamsewu linkanunkha, ndipo fani yathu inkangotembenuza kutentha komweko. Anzanga a kusukulu anali kunyanja ndi makolo awo. Ine ndinkatsala m'fulati chitseko chokhoma, lamulo lili loti ndisatsegulire munthu. Ndinali nditatulukira kuti m'kakompyuta muli gemu yophwanya njerwa ndi kampira, ndipo manja ankandiyabwa.

Tsiku lina amayi anathamangira shifiti ya masana n'kukaiwala pa firiji. Ndinasewera mpaka chala chinachita dzanzi. Kanandichenjeza kawiri kuti mabatire akutha, ine n'kumangodina kuti uthengawo uchoke. Kachitatu ndinachita mantha kuti amayi adziwa, ndiye ndinaganiza zanzeru: ndichotse akuthawo, ndiikemo a mu rimoti ya TV. Ndinatsegula kumbuyo, n'kuwachotsa. A mu rimoti anali aakulu, osalowa. Ndinafufuza mu tochi, mu wotchi ya pakhoma, m'madirowa onse akukhitchini, thukuta lili kamukamu. Mawu a wogulitsa uja ndinawakumbukira nditagwada pansi pa bedi la malume, patapita nthawi yokwanira kuphika tiyi n'kumwa. Ndinabwezeramo akale aja, n'kukaika pa firiji pomwe ndinakapeza.

Amayi anafika dzuwa likadali pamwamba, zovala zikununkha anyezi ndi sopo wa mbale. Anaikamo mabatire atsopano a m'chikwama chawo n'kuyatsa. Pagalasi panabwera kamtanda kowapempha kuti agunde pakati ndi kandodo, ngati tsiku limene tinakagula. Anagunda. Anatsegula pa mashifiti, panalibe kanthu. Anatsegula pa mayina, napo mbee. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ine ndinayamba kulira ndisanafunsidwe.

Sanandimenye. Mpaka lero ndimaona kuti kukanakhala bwino akanandimenya. Anangotenga kope langa la masamu, n'kung'amba pepala lapakati, n'kukhala patebulo. Masabata atatu otsalawo pepalalo linkayenda nawo paliponse. Ankadzidzimuka ali pakati potsuka mano n'kuthamangira kukalemba dzina. Malume anawauza kuti angoimba foni, mng'ono wawo awatchulirenso onse. Amayi anakana. "Ndifunse kuti anamwalira ndani? Ndiye kuti pamene ankandiuza ndinkamvera chiyani?" Amati safunsa anadya phula, koma pali mafunso ena amene munthu sangawatulutse pakamwa.

Anapita okha, ndipo anabwerako ataonda. Zimene zinachitika ndinazimva akuuza malume pakhonde, ine ndili kuseri kwa chitseko. Kumudzi kunali mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene ankandibereka kumbuyo ndili khanda amayi akapita kuntchito. Amayi anapita kwa mayiyo tsiku loyamba lomwe, anakhala pansi, anapepesa za ana ake awiri aamuna monga zinaliri papepala. Mwambo utatha, pofuna kupepukitsa nkhani, anafunsa kuti nanga wamng'ono uja ali kalasi yanji tsopano. Mayiyo anayankha motsitsa mawu kuti wamng'onoyo ndi amene anayamba kumwalira, ndipo uthenga anatumiza.

"Ndinalemba, achimwene," amayi ankabwereza. "Ndikukumbuka khadi lake, linali lofiira. Ndinalemba."

Tsiku lotsatira ndinawapeza atakhala pabedi, sutikesi isanamasulidwe. Ndinkafuna kukonza zinthu. Ndinawauza m'Chingerezi changa chonyada kuti asadandaule, kamakinako sikanawonongeke, kakugwirabe ntchito bwinobwino, ndipo ngati akufuna ndiwalembera ndine mayinawo chifukwa ndimalemba mofulumira kuposa iwo. Anandisisita kumutu.

Ine ndinkaganiza kuti akulira chifukwa ndinawaonongera chinthu chodula. Maliro ndinali ndisanapiteko n'kamodzi komwe, ndipo anthu a m'mayinawo sindinkawadziwa nkhope. Sindinkadziwa kuti munthu angamve imfa zambiri mpaka mutu kulephera kuzisunga, ngakhale za ana amene anawanyamulapo m'manja. Sindinkadziwanso kuti mayi uja sadzawalonjeranso amayi mpaka kumwalira kwake, ndi kuti amayi sadzamuuza kuti wolakwa anali mwana amene iye ankamubereka kumbuyo.