Nsapato ya Kumanzere

A Chidendene ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ali pabanja, ndipo amasoka nsapato kuseri kwa depoti ya mabasi. Dzina lawo lenileni lilipo, koma ngakhale akazi awo analisiya kalekale. Malo awo antchito ndi kashedi ka malata: benchi, chitsulo chokhomerapo nsapato, chitini cha guluu, masingano okhota, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala.

Kumadzulo kwa tauni yawo kuli phiri lalitali, ndipo pamsana pake padutsa njira yokafika kutsidya. Anthu anzeru amaiyenda masiku angapo, kugona m'njira. Koma kuli kagulu kena kamene kamaithamanga tsiku limodzi, kunyamuka m'bandakucha n'kukafika dzuwa lisanalowe. Palibe amawathamangitsa. A Chidendene sankawamvetsa anthu amenewa, koma ankawakonda, chifukwa amatha nsapato.

Nkhani inayamba ndi namwino wina wa m'kagulu komweko, mayi wamfupi wosachedwa kulankhula. Anafika Lolemba m'mawa n'kuponya nsapato pabenchi.

"Bambo, taonani ntchito yanu. Yayasamulanso."

"Mwatani nayo?"

"Ndavala. Kapena mumafuna ndiziisenza pamutu?"

A Chidendene anaitembenuza. Inali ya kumanzere. Soli inali itamatuka mbali yakunja, kuyambira pa kachala kakang'ono mpaka pakati. Ya kumanja inali bwinobwino. Zonse ziwiri anazimata tsiku limodzi, ndi guluu mmodzi, ndi manja omwewo. Namwino atapita, iwo anayamba kukumbukira nsapato zina za anthu a kuphiri zimene zinabwererako. Zonse zinali za kumanzere. Zonse zinayasamula malo amodzimodzi.

Anayamba kufunsa aliyense wa m'kagulumo amene wabwera.

"Kodi kuphiriko mwendo wamanzere mumatani nawo?"

"Timathamangira, bambo."

Wina anati ndi miyala. Wina anati guluu wa masiku ano ndi madzi enieni. Atafunsa kuti nsapatoyo imamatuka pamalo pati, palibe anadziwa. Namwino anati, "Munthu ukamathamanga suyang'ana nsapato, umayang'ana pamene ukufuna kuponda. Umangozindikira kachala kayamba kumva mphepo."

Kenako anthu aja anasiya kubwera. Anayamba kupita kushopu ina ya m'tauni, yomata nsapato ndi makina. Pa depoti panamveka kuti a Chidendene akalamba, manja afooka. Zimenezi zinawapweteka, chifukwa munthu wosoka nsapato alibe chikwangwani china koma mapazi a anthu. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere kwenikweni chinali funso lija. Manja ofooka angasankhe bwanji nsapato ya kumanzere yokha?

Anafukula mulu uja, napeza nsapato zothamangira zowakwana. Anazimata monga amachitira nthawi zonse, osawonjezera kanthu. Anayamba kuzungulira bwalo la sukulu m'mawa uliwonse asanatsegule shedi. Tsiku loyamba anabwera kunyumba akutsimphina, akupuma ngati pampu ya njinga.

"Bambo a ana," anatero akazi awo, "amuna anzanu akamakula amagula wailesi."

"Ndikufuna ndikaone chimene chimadya nsapato kuphiriko."

"Mukachipeza mukachipatse moni. Mukachiuzenso kuti mawondo anuwo ndilibe ena osinthira."

Anachita zimenezi nyengo yonse yozizira, kenako anayamba kukwera timapiri ta pafupi Lamlungu masana. Mimba inaphwa. Atadziona kuti akwanira, anapita kwa namwino n'kumuuza kuti ulendo wotsatira apita nawo.

Namwino anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sitidikirana, bambo. Ndipo kutsidyako basi yomaliza imanyamuka dzuwa likamalowa. Mukaiphonya mugona ndi anyani."

"Ndamva."

M'kachikwama anaikamo madzi, buledi, nthochi, singano ndi ulusi. Ananyamuka ndi gulu kukuyera. Chitunda choyamba chisanathe, anzawo onse anali atazimiririka kutsogolo, ndipo a Chidendene anatsala ndi phokoso la mtima wawo.

Njirayo si njira kwenikweni. Pena ndi masitepe a miyala ofika m'chiuno, okwera ndi manja. Pena ndi mizu yoterera, pena udzu wobisa maenje. Pothamangika ankathamanga, posathamangika ankakwawa. Ndipo pakapita kanthawi ankaima, n'kukweza phazi lamanzere ngati nkhuku yoponda moto, kusuzumira soli. Inali bwinobwino.

Anadutsa pamiyala yakuthwa. Anaima, nayang'ana. Miyalayo inakanda nsapato zonse ziwiri mofanana. Si pamenepo. Anawoloka mtsinje wozizira, madzi a m'mawondo. Zonse ziwiri zinanyowa mofanana. Madzi amafewetsa guluu, zimenezo ankazidziwa, koma madzi sasankha mwendo. Si pamenepo.

Dzuwa lili pamutu anafika pamsana pa phiri. Akuti pamenepo pamaoneka dziko lonse. Iwo anadya nthochi, nayang'ana nsapato, napitirira. Chala chachikulu chakuphazi chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake. Anayamba kuopa kuti afika kutsidya nsapato ili yathunthu, n'kubwerera kunyumba ndi funso lomwe lija ndi mawondo otupa.

Dzuwa litapendeka, njira inasiya msana wa phiri n'kuyamba kulambalala m'nthiti mwake. Pamenepo ndi thanthwe lokhalokha, lopendekeka ngati denga la nyumba. Phiri lili kudzanja lamanja, phompho kudzanja lamanzere, ndipo zimakhala choncho mtunda wautali, osasintha. Munthu amathamanga atapendama, mwendo wamanja m'mwamba, wamanzere m'munsi.

Sanapite patali asanamve zimene zinkachitika kuphazi. Thupi lonse linkatsamira phazi lamanzere, ndipo phazilo linkatsetsereka m'kati mwa nsapato yonyowa ija n'kumakankha khoma lake lakunja. Soli yagwira thanthwe, phazi likufuna kutsika kuphompho. Kuponda kulikonse, kukankha. Anachepetsa liwiro kuti amvetsere bwino. Kenako anayamba kuona tizidutswa ta labala m'ming'alu ya thanthwe. Patsogolo pang'ono panali soli yathunthu, yopsa ndi dzuwa. Anaitola. Ya kumanzere. Guluu wouma amene anali pamenepo anamuzindikira, kapakidwe kake kanali kawo.

Ali chiimire choncho, anaponda kamodzi, ndipo nsapato yawo inati pwa! Kachala kanamva mphepo.

Anakhala pansi pathanthwepo n'kuseka okha. Manja awo analibe mlandu. Koma ntchito yawo inali nawo, chifukwa guluu yekha sangagwire pamalo ngati amenewo, ngakhale atamata ndani. Anavula nsapato, natulutsa singano, naisoka pomwepo mphepo ikuwakankha kumsana. Anasoka mizere iwiri, osafulumira, chifukwa ntchito yothamangira sanaiphunzire. Pomaliza, mthunzi wawo unali utatalika kuposa iwo.

Za mtunda wotsalawo safuna kukamba zambiri. Amangoti kutsika kumapweteka kuposa kukwera, ndipo anagwa kawiri. Ulusi sunaduke.

Anatulukira pamsewu dzuwa litafiira. Basi inali italiza kale injini. Namwino anali ataima pakhomo pake, mwendo umodzi m'kati wina kunja, akukangana ndi kondakitala.

"Ndi awo akubwerawo! Ndinakuuza kuti pali agogo m'mbuyo!"

"Agogo ndani?" anatero a Chidendene, mawu akutuluka theka.

Anawakokera m'kati. Atakhala pampando, maso awo anapita pamene amapita nthawi zonse, kumapazi a anthu. Nsapato ya kumanzere ya namwino, yomatidwa ndi makina ija, inali yomangidwa ndi bandeji.

"Musaseke, bambo."

"Sindikuseka. Vulani ndione."

Anaisoka m'basi momwemo, akubayidwa ndi singano pa bampu iliyonse.

Kuyambira pamenepo, nsapato ya munthu wa kuphiri ikabwera, a Chidendene amaimata, kenako ya kumanzere amaisoka mizere iwiri mbali yakunja n'kuikamo kachikopa m'kati. Kagulu kaja kanabwerera, ndipo ena amabweretsa nsapato zatsopano zisanavalidwe n'komwe. Koma ulendo uja utatha, zikhadabo ziwiri za kumapazi kwa a Chidendene zinachoka, chimodzi chinamera chokhota.

Funso latsala limodzi. Munthu atayambira kutsidya kubwera kuno, phompho lingakhale kudzanja lamanja, ndiye yoyasamula iyenera kukhala nsapato ya kumanja. A Chidendene akukhulupirira choncho, koma sanaone ndi maso. Afunsa onse a m'kagulu, ndipo palibe amene anathamangapo choyambira uko, akuti chitunda chake n'choipa. Iwo ayambanso kuzungulira bwalo la sukulu, koma atavala nsapato za kutchalitchi. Zothamangira zija akazi awo anazikiyira m'sutikesi, ndipo kiyi amayenda naye.