Adokotala osoka nsapato

Bambo amene amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya penti aja, msewu wonse umawatchula kuti Adokotala. Musaseke, dzinali silinayambe ngati chipongwe.

Akadali kamnyamata, anamanga bala la mlongo wawo ndi kansalu, osaopa magazi. Basi, azakhali anaomba m'manja, amvekere banja lapeza dokotala. Dzina linakakamira. Ku sekondale mtima wawo unali pa mbiri yakale, moti akayamba kufotokoza nkhondo zamakedzana anzawo ankaiwala kuti belu lalira. Koma nthawi yosankha maphunziro itakwana, pabalaza panadzaza achibale. Amalume, amene ankawalipirira sukulu, anafunsa ngati mbiri yakale inachizapo munthu. Mayi anati anauza kale anzawo onse kuti akulera dokotala, ndiye nkhope akaiika kuti? Mnyamata anatenga sayansi. Analephera mayeso, anabwereza, analepheranso, amalume nkutopa. Chinatsala ndi dzina lokha.

Mwana wawo wamkazi atabadwa, Adokotala analumbira kuti pa nkhani ya sukulu sadzatsegula pakamwa. Mtsikanayo anakulira pakhondepo, akujambula nkhope za makasitomala pa makatoni akutha. Dzanja lake, abale inu! Ankakujambula mpaka ndi mkwiyo wako womwe. Aphunzitsi ankati asadzasiye phunziro la zojambula. Chaka chake chosankha chitafika, ankafunsa bambo ake maganizo, iwo nkumangoyankha kuti zili ndi iye, misomali ili pakamwa. Ankaona ngati akumupatsa ufulu umene iwo anamanidwa. Sankadziwa kuti mwana ali ndi makutu, ndipo ankamva anyamata a m'sitolo akufuula kuti Adokotala, nsapato yanga yadwala, nkumafa ndi chikhakhali.

Tsiku lina masana mtsikanayo anabwera atavala yunifolomu, nakhala pabenchi.

"Zojambula ndasiya, ababa. Ndatenga sayansi."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndatopa ndi mmene amakusekerani. Ndikufuna dzina limeneli lidzakhale loona pakhomo pathu."

Adokotala mtima unawawawa. Masamu a mwanayo ankawadziwa, anali ofooka ngati awo omwe. Anafuna kumuuza kuti abwerere akasinthe, koma mwanayo ankawayang'ana monyadira, kudikira kuti amuthokoze.

Mayi wina anaima pamsewu ndi nsapato yoduka lamba, naitana Adokotala. Iwo anayankha, natambasula dzanja kuti alandire nsapatoyo.