Chitini cha Utsi pa Siteshoni ya Masala

Mboni zanga ndi Amai Daka ogulitsa nsomba za kapenta ku msika wa Masala, ndi msuweni wanga Dalitso, amene sananamepo chibatizidwire. Kawafunseni.

Ine sukulu sindinaipondepo. Atate atachotsedwa ntchito ku mgodi anati andiphunzitsa okha kwathu ku Pamodzi. Lamulo lawo linali limodzi: cholembedwa chilichonse chiwerengedwe. Tinkawerenga matumba a simenti, mapepala a mankhwala, ngakhale nyuzipepala yokulungira nsomba, nsomba n'kumazizira. Mayeso ndinakalemba ngati wophunzira wapadera, ndipo ndinakhoza.

Linali Lachisanu m'mawa. Ine ndi atate tinkapita ku Kitwe kukapereka mapepala anga ku yunivesite, tsiku lomaliza kulandira. Tinadzera ku Masala kuti Dalitso atiperekeze. Mapepala ndinawaika m'kati mwa malaya.

Mwala woyamba unaswa galasi la minibasi yathu. Anyamata a magulu awiri ankalimbirana siteshoni. Ndinaona zikwanje. Dalaivala anatulukira pazenera laling'ono kuposa mutu wake. Ndikulumbira.

Ana a sukulu amadziwa tinjira tothawira. Ine ndinkadziwa mitsinje yonse ya Afirika, koma osati kuseri kwa msika.

Apolisi anafika. Chitini cha utsi wokhetsa misozi chinagwa pakati pa matebulo a tomato. Aliyense anathawa. Atate anaima. Pachitinipo panali zilembo.

Anawerama.

"Atate, tiyeni!"

"Dikira, iwe. Achita kulemba."

Chinawalavulira kumaso. Sanakuwe. Anangokhala pansi, magalasi awo a maso ali m'manja.

Ine ndi Dalitso tinawanyamula m'khwapa. Munthu wina anadutsa atagwira khutu lake, magazi akutsikira m'chigongono. Kumbuyo kunamveka mfuti, kawiri. Pothawapo nsapato yanga imodzi inavuka yokha.

Amai Daka anatikokera m'kachipinda kosungiramo matumba a kapenta, natseka chitseko ndi msana wawo. Panja wina ankamenya malata ndi chitsulo, khomo ndi khomo, kuyandikira. Atate ankafuna kutsokomola. Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinali ndisanakhudzepo nkhope yawo. Inali yotentha.

Chitsulo chija chinadutsa.

Masana tinawafikitsa atate ku chipatala. Iwo anandikankha kuti ndikwere basi ina. Ku Kitwe ndinafika ofesi ili pafupi kutsekedwa, nsapato imodzi, mapepala akununkha kapenta. A yunivesite ananditenga.

Diso lamanzere la atate silinaonenso. Amati chimene chimawawawa n'chakuti anangowerenga mzere woyamba.