Mayi Wogwaigwa

Achemwali anga ndi telala. Makina awo ali pakhonde la sitolo ya nsapato, pafupi ndi bambo wokonza mawotchi. Zaka khumi ndi ziwiri akupalasa makina omwewo, ndipo sindinamvepo kasitomala akudandaula kuti msoko wamasuka. Koma posankha mwamuna, aaa, anasoka mokhota.

Alamu anali mlonda panyumba yosungira mankhwala. Ankabwera ndi mabotolo a mankhwala a chifuwa m'matumba a jekete, kumwa ngati tiyi, pamwamba pake chamba. Akatero maso psuu, dzanja kuyabwa. Achemwali anaguluka dzino, kenako anathyoka chala, kenako nthiti ziwiri. Ulendo uliwonse kuchipatala, namwino akafunsa, yankho linali lokonzeratu: "Ndagwa kubafa." "Ndaterereka pamasitepe." Ine woperekeza ndinkangogwedeza mutu ngati gulo. Paja amati za m'banja sitiyanika pabwalo. Zautsiru! Mpaka lero ndimadzida nazo.

Achemwali atathawa ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, alamu anakasuma kukhoti kuti akufuna mwanayo. Tsiku la mlandu anabwera atameta bwinobwino, atavala suti yobwereka, m'manja muli kalata ya abusa yoti anasiya zonse. Anasiya liti? Mlungu womwewo ndinawaona ndi maso angawa akudzandira kuseri kwa depoti ya mabasi.

Ife tinkadalira buku la kuchipatala. Loya wa alamu analitenga, kunyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anagwa. Anaterereka. Anagwanso. Kasanu ndi kanayi.

"Mayi, palipo apa pamene palembedwa kuti munamenyedwa?"

"Palibe," anayankha achemwali.

"Ndiye munkanama kuchipatala, kapena mukunama pano? Kugwaigwa kotereku, kodi simumamwa inu? Mwana angatetezeke m'manja mwanu?"

Ndinadzambatuka kuti ndimulalatire, wapolisi anandigwira paphewa n'kundikhazika pansi. Munthu woti sanalawepo ngakhale dontho, lero chidakwa ndi iye! Woweruza anagamula kuti popeza palibe lipoti la kupolisi, bambo ali ndi ufulu wawo. Azitenga mwana Lachisanu lililonse n'kumubweza Lamulungu. Alamu anatuluka akugwirana chanza ndi aliyense, mpaka wosesa.

Maulendo awiri oyamba mwana anabwerako ndi maswiti ndi nsapato zatsopano. Ulendo wachitatu anamutsitsa pageti dzuwa likuswa mtengo, mwanayo atavala juzi la bambo ake lofika m'mawondo. Tinamuuza kuti avule, anakana. Kusamba anakananso. Anangokhala pansi pafupi ndi achemwali, amene ankasita yunifolomu yake yovala mawa kusukulu, n'kumaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mungandisokere manja aatali? Ofika apa." Anadzigwira pafupi ndi chikhatho.

Achemwali anasiya simbi pansalu pomwepo. Yunifolomu inapsa mpaka kubooka, ndipo palibe amene anaichotsa simbiyo.