Kuonda Kumene Amayi Ankaopa

Nditabereka mwana wachitatu thupi linabwera, ndipo mudzi wonse unandiyamikira ngati ndakhoza mayeso. Kwathu kuno kumtunda kwa Champiti mkazi akanenepa anthu amati banja lamuyanja. Mwamuna wanga ankayenda monyada pamsewu, chonsecho ntchito yonse inali ya mandasi. Ndinkakazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa pamsika, ndipo onse opserera kapena osweka ankathera m'kamwa mwanga, pamodzi ndi tiyi wa shuga wosayeza. Ndinaleredwa kuti chakudya sichitayidwa.

Amene anasangalala koposa onse anali amayi anga. Amakhala nyumba yoyandikana ndi yathu, okhaokha chimwalirireni bambo. Anabereka ana aakazi atatu, ine wotsiriza. Akulu anga awiri anamwalira zaka zija pamene matenda a Edzi analibe mankhwala kumudzi kuno. Onse awiri anaonda mpaka amayi ankachita kuwabereka kumbuyo powatulutsa panja. Choncho amayi akandiona ndikudzaza khomo polowa m'nyumba mwawo, ankaseka n'kundisisita mkono. "Uyu ndiye wanga," ankatero.

Kenako mutu unayamba kundipweteka tsiku ndi tsiku. Pochokera kudimba ndinkapuma katatu ndisanafike pamwamba pa chitunda, mtima ukugunda m'makutu. Nditapita kuchipatala, anamwino anandiyeza pamkono, anandikweza pa sikelo, kenako anavula magalasi awo.

"Mayi, bipi yanu yakwera kwambiri," anatero. "Mankhwala tikupatsani, koma thupi ili mulichepetse. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzagwa n'kufa ziwalo."

Anapitiriza kufotokoza zina, koma ine makutu anali atatsekeka. Kutchalitchi kwathu kunali mayi wina amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ana ake ankachita kumudyetsa ndi supuni. Mwana wanga wamng'ono anali atangoyamba kumene sukulu. Ndinachita mantha kwambiri. Mwamuna wanga ndinamuuza tsiku lomwelo, koma amayi ndinawabisira. Ndinkati alira mokwanira pamoyo wawo, ndisawawonjezere nkhawa.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, kungoti ndinafunsa pamsika. Mnzanga wogulitsa tomato pafupi ndi benchi yanga ndiye anayamba kundilangiza.

"Asisi, nkhani yake ndi yaing'ono," anatero. "Madzi otentha a mandimu, m'mawa musanadye kanthu. Mafuta a m'mbale timatsuka ndi madzi otentha, nanga a m'mimba asiyana pati?"

Zinamveka zanzeru. Ndinamwa madzi amenewo mwezi wathunthu mpaka mano anayayamira, ndipo mtengo wa mandimu wa aneba anga unatsala masamba okha. Vuto linali lakuti ndikamwa, m'kamwa munkawawasa, ndiye ndinkatenga mandasi awiri kuti ndichotse kuwawasako.

Mlamu wanga, amene anakwatiwa ku Sharpevale, atabwera kudzacheza anandiseka. "Alamu, inu akumtunda chimakunenepetsani ndi nsima ndi kachewere. Tabwerani kuchigwa mudzaone ngati mupeze wamimba. Ife timadya mpunga." Anandisiyira kathumba ka mpunga wa m'munda mwawo, ndipo ine nsima ndinaisiya. Koma mpunga kwa munthu wozolowera nsima suchedwa m'mimba. Ndinkadya mbale ziwiri, pakapita kanthawi njala. Sizinandifikire m'mutu kuti anthu akuchigwawo amakhala tsiku lonse atawerama m'matope dzuwa likuwaotcha, pamene ine ndinkakhala pampando n'kumatembenuza mandasi.

Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi cha majumbo. Wina kukwaya anati thukuta ndi mafuta amene akutuluka m'thupi. Ndinang'amba majumbo a pulasitiki, kuwakulunga pamimba, kumanga chitenje pamwamba pake, n'kupita kukapalira kachewere. Mwamuna wanga anali pamzere woyandikana ndi wanga. Anaima, n'kutchera khutu.

"Amake ana, chikuchita phokosocho n'chiyani? Mwabisa katundu wa kugolosale?"

Ndinamuyankha kuti alime, asandilankhule. Patatha masiku atatu mimba yonse inatuluka tizilonda toyabwa, ndipo iye yemweyo ndiye ankandipaka mafuta, akuluma mlomo kuti asaseke.

Nditaona kuti zonsezi sizikuthandiza ndinapsa mtima, ndipo ndinangosiya kudya. M'mawa osalawa kanthu, masana osalawa kanthu, madzulo n'kudya ngati ndikulipsira. Tsiku lina pamsika ndikuvuula mandasi, maso anachita mdima. Ndinadzuka ndili pansi, mnzanga wa tomato uja akundikupiza ndi katoni. Anati ndinagwera kumanzere. Ndikanagwera kumanja, kunali mafuta owira.

Ndinabwerera kwa anamwino aja n'kuulula zonse. Pa nkhani ya majumbo anaseka mpaka kupukuta misozi, koma nditanena za kusadya, nkhope inasintha.

"Ndani anakuuzani kuti mudziphe ndi njala? Idyani katatu patsiku, koma moyeza. Nsima musaisiye, idyani ya mgaiwa, mtanda umodzi. Masamba achuluke, nyemba zilipo kwanu. Mchere, shuga ndi mafuta muchepetse. Ndipo muziyenda. Thupili linabwera pang'onopang'ono, lichokanso pang'onopang'ono."

Ulendo uno ndinamvetsera. Mandasi opserera ndinayamba kupatsa anzanga pamsika. Kabaza ndinasiya kukwera, ndinkapita ndi kubwera wapansi. Miyezi iwiri yoyamba sindinaone kanthu ndipo ndinatsala pang'ono kusiya. Kenako siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, mutu unaleka kupweteka. Ndinasangalala, osadziwa kuti pali wina amene akundiyang'anitsitsa.

Amayi ankaona zonse. Ankaona mwana wawo akuchepa thupi mwezi ndi mwezi. Ankandiona m'mawa ndikumeza mapiritsi kuseri kwa chitseko, ndipo mwezi uliwonse ndikupita kuchipatala osanena chimene ndikukachita. Pamjigo azimayi anali atayamba kale kunong'onezana, ndipo mawu a pamjigo sachedwa kufika kwa mwini wake. Masiku ano anthu ambiri amene amamwa mankhwala a matenda aja amene anatenga akulu anga ndi onenepa bwinobwino, amalima n'kukolola kuposa ife. Amayi ankadziwa zimenezo. Koma maso awo anatsalira m'zaka zija, pamene munthu akayamba kuonda ankadziwa kumene akupita.

Sanandifunse. Anangoyamba kubwera ndi mbale. Lero phala lothira nsinjiro, shuga ndi majarini. Mawa chigumu. Mkuja nkhuku yawo yoikira mazira, yokazinga m'mafuta ambiri. Ndinkalandira ndi manja awiri, kulawa pang'ono, zotsalazo kupatsa ana iwo akachoka. Atazindikira, anayamba kukhala pansi n'kumadikira kuti ndimalize ali pomwepo.

Tsiku lina anabwera ndi futali wodzaza bakuli nditangomaliza kudya. Ndinali nditatopa, ndipo ine mtima wanga ndi wapachala.

"Ndakhuta, amayi."

"Idya pang'ono chabe, mwana wanga."

"Ndati ndakhuta! Kodi mukufuna mundiphe?"

Mawu amenewo ndimawamvabe. Amayi anaika bakuli pansi mosamala, anakonza mpango wawo, n'kutuluka. Masiku atatu sanaponde pakhomo panga, ndipo ine chifukwa cha manyazi ndi liuma sindinapite kwawo.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinapita. Ndinawapeza atagwada pakhonde la kum'mawa kwa nyumba yawo, akuzira ndi dothi lakuda. Khonde limenelo linali litagumuka kwa zaka zambiri ndipo sankalola munthu kulikonza kapena kukhalapo. Ndi pamene ankagoneka akulu anga kuti aothere dzuwa. Pambali panali mphasa yatsopano yopindidwa.

"Amayi, mukuziriranji pano? Kukubwera alendo?"

Sanatembenuke. Anapitiriza kusalaza dothi ndi chikhato.

"Ndikukonzeratu ndikadali ndi mphamvu," anatero. "Ukadzayamba kugona, uzidzaothera dzuwa pamalo abwino. Koma kukubereka kumbuyo sindidzatha, mwana wanga. Msana unatha. Ndakhala ndikuganiza kuti ndidzakutulutsa bwanji."

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonyowa, n'kulira ngati mwana. Ine ndinkati ndikuwateteza powabisira, chonsecho miyezi yonseyo anali akundilira ndili moyo, okhaokha. Ndinawauza zonse, za bipi, za mapiritsi, za mandimu, ngakhale za majumbo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu.

"Akulu akonso ankati ndi malungo chabe."

Ndinaona kuti mawu anga sangawafike. M'mawa mwake ndinawatenga kupita nawo kuchipatala, wapansi, chifukwa iwo kabaza amamuopa. Ndinapempha kuti andiyeze magazi amayi akuona. Anakhala pambali panga atagwira chitenje changa, maso ali pa chala chimene anandibaya. Zotsatira zitatuluka, anamwino aja anawafotokozera modekha kuti kachilombo ndilibe, ndi kuti ngakhale ndikanakhala nako, masiku ano munthu amamwa mankhwala n'kukalamba. Kenako anawaonetsa m'buku langa lachipatala mmene bipi inkatsikira pamene thupi linkachepa.

"Agogo, chimene chikanakulandani mwanayu ndi thupi lija munkalikondali," anatero. "Mukafuna kumuthandiza, muzimuphikira nkhwani."

Amayi anangoti, "Zikomo, ndamva." Nkhope yawo sinaonetse ngati akhulupirira kapena ayi.

Pobwerera panali chitunda chachitali tisanafike kumudzi. Ndinali nditasenza kathumba ka mgaiwa kamene tinatenga podzera kuchigayo, ndipo maganizo anali kutali. Ndinakwera osaima, mpaka ndinazindikira kuti ndikuyenda ndekha. Nditacheuka, amayi anali ataima pakati pa chitunda, atatsamira ndodo, akungondiyang'ana. Ndinatula kathumba n'kutsika kukawatenga.

"Mwatopa, amayi? Tipume."

"Sindinatope. Ndimakuona mmene ukukwerera."

Anandigwira padzanja, n'kuzunguliza chala chachikulu ndi chapakati pamkono wanga. Zalazo zinatsala pang'ono kukumana. Anayang'ana kampata kameneko nthawi yaitali.

"Akulu ako ankaonda ali chigonere," anatero. "Iwe ukuonda ukukwera phiri ndi katundu pamutu. Ndaona kuti n'zosiyana."

"N'zosiyana, amayi."

"Koma tamvera. Anamwino aja akadzati wafika, udzaime pomwepo. Usadzapitirire ngakhale pang'ono." Anandifinya mkono. "Ndilibe winanso."

Ndinawalonjeza. Tinakwera mbali yotsalayo pang'onopang'ono, ndipo dzanja langa sanalisiye mpaka tinafika pakhomo.