Netiweki ya ku Zobue

A Jeremy Chimtengo imvi zinawamera akuyeza mphamvu ya netiweki m'midzi ya kwa Nthache. Pulogalamu yomwe analemba okha inkasunga zotsatira tsiku ndi tsiku, umboni woti kumeneko kukufunika nsanja ya foni.

Bungwe lomwe linawalemba ntchito litalamula kuti zonse zisamukire ku pulogalamu yatsopano, anasamutsa mzere ndi mzere, maso akuwawa. Koma yatsopanoyo inkangotola netiweki iliyonse yamphamvu, ndipo kumeneko yamphamvu ndi ya ku Zobue, tsidya la malire. Lipoti linati anthu akuimba foni bwinobwino.

A Chimtengo anadandaula mpaka malovu kuuma m'kamwa, koma ntchito inatsekedwa. Lero amawotcha makala. Akafuna kuimbira mwana wawo ku Blantyre, amakwera pachulu ngati wina aliyense.