Sabata Imene Amayi Sanaidikire

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene amayi anayamba sukulu ya kwacha kutchalitchi kwathu ku Kadewere. Ankanditenga kuti ndizibereka mlongo wanga Limbani, amene anali asanayambe kuyenda, miyendo yotupa, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga. Amayi sanapite kumeneko kuti azidzalemba makalata, ayi. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuwerenga buku la kuchipatala la Limbani, makamaka tsiku lobwererako. Kawiri konse anali atayenda mtunda wonsewo tsiku lolakwika n'kubwezedwa, chifukwa zimene anesi ankanena pakamwa, pachigulu, ana akulira, zinkawasokonekera m'njira. Ine ndinali mu Sitandade 2, zilembo za anesi sindinkazitha.

Aphunzitsi anali a Namakhwa, bambo ofatsa, choko chawo m'kachitini. Ankatsamiritsa bolodi pabenchi n'kunena kuti, "Lembani." Tsiku lililonse zinali a, e, i, o, u, kenako timawu tifupitifupi. Amayi ankagwira pensulo ngati mpini wa khasu, thukuta lili pamphuno, ine ndili pakhomo kugwedeza Limbani, kumvetsera mmene ankapumira kumsana kwanga. Sabata zinayi zinatha choncho, nandolo akuuma n'kumathetheka kumunda.

Tsiku lina amayi anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani, zimenezi zikutifikitsa kuti?"

"Mudzaona kutsogolo, make Esinati. Tiyeni tizitsata buku."

Mayi wina kumbuyo anati, "Changu chake chimenecho, mukufuna mukhale a kalaliki mawa lomweli?"

Anthu anaseka, amayi nawonso anaseka, koma ndinawaona akupinda kope lawo pakati. Panjira anangoti, "Nandolo wanga akuthera pansi, ine ndikujambula timizere ngati mwana." Sanabwererenso.

Mwezi wotsatira tinaphonyanso tsiku. Tinafika kuchipatala Lachisanu, anatiuza kuti lathu linali Lachiwiri lapitalo. Limbani anamugoneka pomwepo, ndipo sanatuluke wamoyo. Sindinganene kuti masiku atatuwo ndi amene anamupha. Sindikudziwa, ndipo palibe amene anatiuza.

Maliro atatha, a Namakhwa anabwera kudzapepesa. Anapeza amayi akupeta nandolo pakhonde, anakhala pamtondo wakale, chipewa chili pabondo, ndipo atatha kupepesa anati, "Mukanapirira sabata imodzi yokha, mayi. Phunziro lotsatira linali la masiku ndi manambala. Anzanu onse anabwera ndi mabuku a kusikelo a ana awo."

Lichero linaima.

"Munkadziwa kuti zikubwera?"

"Zinali m'buku langa kuyambira tsiku loyamba."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Sindinaganize kuti n'zofunika. Ana a sukulu sitiwauza, amangotsatira."

Amayi sanakalipe. Anangoti, "Ife si ana, aphunzitsi," n'kupitiriza kupeta. Bambo aja anatenga chipewa chawo n'kutsanzika.

Lero ndine mayi, mwana wanga ali ndi miyezi isanu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, manambala ndimawerenga, koma Chingerezi cha anesi chimandipita. Ndiye ndimafunsa, ndimafunsanso, kachitatu mpaka andikalipire, ndipo pobwerera ndimanena tsikulo pakamwa njira yonse. Mwana akatsokomola kamodzi ndimasiya chilichonse n'kumuyang'ana pachifuwa.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu wamkulu akakhala pabenchi la sukulu amakhala atasiya munda, atasiya wodwala, tsiku lake lili ndi eni ake kale. Muuzeni tsiku loyamba kumene mukupita naye, ndi liti mudzafikeko, kuti adziwe chimene akupirira. A Namakhwa sanali oipa. Anali ndi mawu ochepa chabe oti anene, ndipo sanawanene. Kumvetsa kumeneku sikunandibwezere aliyense.

Chaka chino kutchalitchi kwabwera aphunzitsi ena, mayi a ku Namitambo. Akuti iwo asanagwire choko amayamba anena kaye zimene anthu adzathe kuchita pakutha pa mwezi, mpaka amafunsa aliyense chimene wabwerera. Ndinathamanga kukawauza amayi, mwana ali kumsana, ndinati tiyeni tikalembetse tonse awiri.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pita iwe. Ine ndikawerenge buku la ndani?"